API Freshwater Master Test Kit: ntchito yake axolotl akaikira mazira ali yekha m'tanki

Munthu woweta axolotl, nyama ya m'madzi ya gulu la achule yooneka ngati buluzi, akadzuka m'mawa n'kupeza timipira tambirimbiri towala ngati galasi titamatirira pa zomera, pa miyala ndi pa paipi ya fyuluta (sefa yoyeretsa madzi), chonsecho nyamayo yakhala yokha kwa chaka chathunthu, mtima umangoti phwii. Wina sapeza mazira koma tinthu tantchofu yolimba, tosongoka ngati kachulu, tokhala ndi kadontho koyera pansonga, titaima pansi pa tanki. Wina akungoona kuti mimba ya nyamayo yakula, kapena kunsi kwa mchira kwatupa. Onsewa funso lawo ndi limodzi: wadwala kodi? Nthawi zambiri sanadwale, wangokhwima. Koma simungatsimikize zimenezo ndi maso okha, chifukwa madzi oipa amatulutsa zizindikiro zofanana ndi izi, ndipo mazira omwewo akasiyidwa amaipitsa madzi. N'chifukwa chake bokosi la mankhwala oyezera madzi la API Freshwater Master Test Kit tikuliunika pano molingana ndi vuto limeneli, osati ngati chida cha oweta nsomba wamba.

Chigamulo chathu tinene msanga. Ndi loyenera kuligula, ndipo ndi bwino kulipeza axolotl asanafike pakhomo. Limayankha bwino funso loti kodi madzi ndi amene akumuvutitsa. Koma pa zinthu zitatu zomwe zimakhudza kwambiri axolotl wokhwima, kutentha kwa madzi, kulimba kwa madzi ndi zomwe zili m'mimba mwake, bokosili silinena kanthu.

M'bokosimo muli mabotolo 7 a mankhwala, timachubu 4 tokhala ndi zotsekera, kabuku ka malangizo ndi khadi la mitundu. Limayeza pH (muyezo wa asidi m'madzi) pakati pa 6.0 ndi 7.6, pH yokwera pakati pa 7.4 ndi 8.8, amoniya (poizoni wochokera ku chimbudzi ndi zinthu zoola) kuyambira 0 mpaka 8 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi), naitiraiti kuyambira 0 mpaka 5 ppm, ndi naitireti kuyambira 0 mpaka 160 ppm. Kampani ya API, yomwe ili pansi pa Mars Fishcare ku Pennsylvania, imalemba kuti mukhoza kuyeza maulendo oposa 800. Nambalayi ndi yoona mukaphatikiza zonse, koma pafupifupi theka lake ndi la pH. Amoniya mumayeza maulendo pafupifupi 130, naitireti pafupifupi 90, ndipo awa ndi amene amayamba kutha kwa woweta axolotl. Mayeso awiriwa amagulitsidwanso paokha, choncho simufunika kugulanso bokosi lonse.

Tiyambe ndi nyamayo, chifukwa zotsatira za mayeso zilibe tanthauzo ngati simukudziwa chomwe mukuona m'tanki.

Axolotl, dzina lake la sayansi Ambystoma mexicanum, kwawo ndi m'ngalande za Xochimilco ku Mexico City, komwe atsala ochepa kwambiri ndipo bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN limawaika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Amakhwima osasiya maonekedwe a ubwana: makha ake, tinthenga titatu mbali iliyonse ya mutu tomwe amapumira, amakhala nawo moyo wake wonse. Ambiri amafika msinkhu wobereka ali ndi chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka, amphongo kawirikawiri amayambirira. Wamphongo mumamuzindikira ndi chotupa chooneka bwino kuseri kwa miyendo yakumbuyo, mbali zonse ziwiri za cloaca, khomo limodzi lotulutsira chimbudzi, mkodzo, umuna kapena mazira. Chotupachi si matenda. Wamkazi khomo lake limakhala laling'ono, koma thupi limakhala lobulungira mukamuyang'ana kuchokera pamwamba. Pa axolotl oyera, nsonga za zala zimada akamakhwima, ndipo anthu ena amaziona ngati kuola. Si kuola.

Akakhala awiri, wamphongo amagunda wamkazi ndi mphuno, n'kumatsogola akugwedeza mchira, kenako amasiya pansi timatumba ta umuna, tinthu tantchofu tosongoka tija. Wamkazi amadutsa pamwamba pake n'kutola kansonga koyerako ndi cloaca. Mazira amakumana ndi umuna m'kati mwa thupi, ndipo pakadutsa maola angapo mpaka masiku awiri amayamba kuikira, limodzilimodzi, kulimata pa tsamba kapena pa chilichonse chomwe angachigwire ndi miyendo yakumbuyo. Akhoza kuikira mazira 100 mpaka kupitirira 1,000.

Nanga akakhala yekha? Wamphongo nthawi zina amasiyabe timatumba tija popanda wamkazi. Timakhala totalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo palibe choopsa. Titengeni ndi paipi yokokera zinyalala basi. Wamkazi amapanga mazira kaya pali wamphongo kaya palibe. Kawirikawiri thupi limawasungunula lokha osawaikira, ndiye mumaona mimba ikukula kwa milungu ingapo kenako n'kubwerera. Nthawi zina amawaikira ndithu, koma ndi mazira opanda moyo, chifukwa axolotl sabereka popanda umuna. Pali chinthu chimodzi chofunika kukumbukira: ngati mwangomugula kumene kuchokera m'tanki momwe munali wamphongo, akhoza kukhala atatola kale umuna, ndipo mazirawo angakhale amoyo. Mudzadziwa pakadutsa masiku angapo. Dzira lamoyo limasintha, kampira ka m'kati kamatalika ngati kanyemba kenako n'kupindika, ndipo limaswa pakatha milungu iwiri kapena itatu malingana ndi kuzizira kwa madzi. Lopanda moyo limangokhala lobulungira, kenako limachita mbuu n'kumera chuku choyera ngati thonje. Musaweruze ndi mtundu wokha tsiku loyamba, pakuti wamkazi wachialubino amaikira mazira oyera ngakhale ali amoyo, pamene wamtundu wakuda komanso woyera wamaso akuda amaikira odera.

Chomwe chimayambitsa zonsezi kawirikawiri ndi kusintha kwa kutentha ndi kutalika kwa usana. Madzi akazizira mwadzidzidzi, monga mutasintha ambiri n'kuthira ozizira kuposa a m'tanki, thupi la nyamayo limamva ngati nyengo yoberekana yafika. Apa ndi pamene pali kufooka koyamba kwa bokosili: mulibe choyezera kutentha. Gulani temomita yapadera. Axolotl amakhala bwino pa madigiri a Celsius 16 mpaka 18, amapirira mpaka 20, ndipo madzi akakhalitsa pamwamba pa 23 amasiya kudya, chuku chimamugwira mosavuta, akhozanso kufa. Musaike chotenthetsera madzi pofuna kuti asiye kuikira. Chofunika ndi kuthira madzi atsopano a kutentha kofanana ndi a m'tanki, kusiyana kusapitirire digiri imodzi kapena awiri.

Tsopano pa mayeso enieni. Oyamba kuchita mazira akaoneka ndi a amoniya, ndipo ndi amene amapangitsa bokosili kukhala lofunika. Mazira mazana angapo akuola m'tanki ya malita 75 kapena 110 ndi katundu wolemera kwa mabakiteriya a mu fyuluta, omwe ntchito yawo ndi kusandutsa amoniya kukhala naitiraiti, naitiraiti kukhala naitireti. M'madzi ozizira a axolotl mabakiteriyawa amachulukana pang'onopang'ono, ndiye sathamangira kuonjezereka katundu akachuluka. Kayezedwe kake nkotere. Tsukani kachubu ndi madzi a m'tanki, thirani mamililita 5, onjezani madontho 8 a botolo loyamba ndi madontho 8 a lachiwiri, tsekani, gwedezani masekondi 5, dikirani mphindi 5. Madzi achikasu ndiye kuti 0. Akayamba kubiriwira, amoniya alimo, ndipo khadi limaonetsa 0.25, 0.5, 1, 2, 4 ndi 8.

Mayesowa ndi odalirika, koma ali ndi malo atatu omwe amasokoneza anthu. Koyamba, kusiyanitsa 0 ndi 0.25 nkovuta, makamaka pansi pa babu la m'nyumba. Njira yabwino ndi kuyeza pambali madzi omwe mukudziwa kuti alibe amoniya, monga otcheza, n'kuimika timachubu tiwiri pafupi, pa kuwala kwa dzuwa, kumbuyo kuli mbali yoyera ya khadi. Ngati mitundu ikufanana, palibe vuto. Kachiwiri, mayesowa amawerenga amoniya yense, woopsa ndi wosaopsa kwenikweni pamodzi. Gawo loopsa limakula pH ndi kutentha zikakwera. Pa madigiri 18 ndi pH 7.0, gawo loopsa ndi pafupifupi 0.3 peresenti ya zomwe mwawerenga, pamene pa pH 8.0 limafika pafupifupi 3.3 peresenti, kuchuluka pafupifupi kakhumi. Choncho 0.5 ppm m'madzi a pH 8.0 ndi nkhani yofunika kuchitapo kanthu lero, osati mawa. Kabuku ka m'bokosi sikafotokoza izi mokwanira. Kachitatu, ngati madzi anu a pampopi amathiridwa kloramini (klorini wophatikizidwa ndi amoniya), mankhwala ochotsa klorini amasiya amoniya pang'ono, ndipo mayeso amamuonetsa. Mankhwala ena, monga Seachem Prime, opanga ake amati amamanga amoniyayo kwa tsiku limodzi kapena awiri, komabe kachubu kadzabiriwira ndithu. Yezani madzi a pampopi paokha kamodzi kuti mudziwe poyambira, ndipo mukasintha madzi dikirani tsiku limodzi musanakhulupirire zotsatira.

Naitiraiti ndi wosavuta kuposa onse: madontho 5, kugwedeza masekondi 5, kudikira mphindi 5. Buluu wowala ndi 0, ndipo kalikonse kopita ku pepo ndi vuto. Naitiraiti amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, ndiye nyama imakwera pamwamba pafupipafupi kukameza mpweya. Madontho akangosanduka pepo wakuda pansi pa kachubu musanagwedeze n'komwe, dziwani kuti wachuluka kwambiri, mwina kupitirira pomwe khadi limathera, ngakhale mtundu utadzaoneka wachilendo pambuyo pa mphindi 5.

Pa naitireti tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa n'kudzinamiza kuti madzi ali bwino. Mumathira madontho 10 a botolo loyamba, kutseka ndi kutembenuza kangapo. Kenako botolo lachiwiri liyenera kugwedezedwa mwamphamvu masekondi osachepera 30 musanadonthetse. Muli ufa womwe umadikha pansi n'kuuma, ndipo ngati botolo lakhala milungu osagwiritsidwa ntchito, limenyeni pa chikhatho kapena pa tebulo ndi kuligwedeza mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukatero thirani madontho 10, tsekani, gwedezani kachubu mphindi yathunthu, n'kudikira mphindi 5. Mukafupikitsa kugwedezaku, zotsatira zimatsika, mwina n'kuonetsa 0 pamene madzi ali ndi 40. Choipa china n'chakuti mukadonthetsa kangapo osagwedeza, mankhwala otsala m'botolo amasokonekera muyezo, ndipo mayeso onse otsatira sakhalanso olondola. Tanki yokhazikika yokhala ndi axolotl wamkulu siionetsa naitireti 0 pokhapokha muli zomera zambiri zedi. Mukaona 0, kaikirani kagwedezedwe kanu, kapena fyuluta yomwe mabakiteriya ake afa.

Khadi la naitireti nalonso lili ndi vuto lake. Olenji wa 10 ndi wa 20 amafanana kwambiri, chimodzimodzi kufiira kwa 40 ndi 80. Izi zimapweteka woweta axolotl, chifukwa cholinga ndi kusunga naitireti pansi pa 20 ppm ndi kusalola kuti apitirire 40. Njira yozembera ndi kusungunula: sakanizani mamililita 2.5 a madzi a m'tanki ndi 2.5 a madzi otcheza, yezani, n'kuchulukitsa zotsatira kawiri. Ngati ndi ofiirabe, sakanizani gawo limodzi la madzi a m'tanki ndi magawo atatu a madzi otcheza, n'kuchulukitsa kanayi. Dziwaninso kuti naitiraiti akakhalamo amakweza zotsatira za naitireti, ndiye musavutike ndi naitireti mpaka naitiraiti atabwerera pa 0.

Za pH n'zachidule. Madontho 3 pa mayeso otsika, madontho 5 pa okwera, ndipo mtundu umabwera nthawi yomweyo. Axolotl amakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 8.0, makamaka pa 7.4 mpaka 7.6, pomwe ndi pamalire penipeni pa mayeso awiriwa. Mayeso otsika amaonetsa 7.6 pa madzi aliwonse opitirira pamenepo, okwera amaonetsa 7.4 pa aliwonse otsikirapo. Mukapeza 7.6 pa otsika ndi 7.4 pa okwera, madzi ali chapakatikati pamenepo ndipo palibe chofunika kukonza. Chikasu cha 6.0 ndicho choyenera kuopa, chifukwa chikhoza kutanthauza 6.0 kapena 5.0, ndipo madzi akafika pamenepo mabakiteriya a mu fyuluta amafooka kwambiri, amoniya n'kuyamba kuunjikana.

Izi zikutifikitsa pa kufooka kwachiwiri. Mulibe mayeso a kulimba kwa madzi, omwe ndi GH (kuchuluka kwa michere yosungunuka m'madzi) ndi KH (mphamvu ya madzi yoteteza pH kuti isagwe). Kwa nsomba zambiri mukhoza kulekerera, koma axolotl amafuna madzi olimbirako, GH ya madigiri 7 mpaka 14 ndi KH ya 3 mpaka 8. KH ikatsika, pH imagwa mwadzidzidzi. GH ikatsika kwambiri, nyama imayezuka ndipo thupi limavutika kusunga mchere wake, pamene wamkazi amene akupanga mazira akugwiritsa kale ntchito zambiri za m'thupi. Kampani yomweyo imagulitsa mayeso a GH ndi KH padera, ndipo kwa axolotl tikuona kuti ndi ofunika kuwonjezera. Mayeso a klorini nawonso mulibe.

Tinene kuti mwayeza: amoniya 0, naitiraiti 0, naitireti pansi pa 20, pH pafupi ndi 7.5, madigiri 17. Wamkazi waikira, akudya, akuyenda pansi bwinobwino, makha ali tayale. Pamenepo palibe matenda oti muchize. Musiyeni amalize, zomwe zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, chepetsani kuwala, ndipo musamugwire. Akamaliza chotsani mazira onse. Pa zomera zapulasitiki ingotulutsani chomeracho n'kupulula mazira ndi zala. Pa galasi ndi pa miyala akokeni ndi paipi. Yang'anani kuseri kwa fyuluta ndi m'mapanga, chifukwa otsalira kumeneko ndi amene amakweza amoniya pakatha masiku atatu kapena anayi. Akadyako ochepa si vuto. Ngati mukukaikira kuti angakhale amoyo ndipo simungathe kulera ana mazana, aikeni mufiriza masiku oyambirira omwewo kwa masiku awiri kapena atatu musanawataye m'zinyalala. Musawathire m'chimbudzi, mumtsinje kapena m'dziwe. Kenako yezani amoniya ndi naitiraiti tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Wamkaziyo amakhala ataonda, ndiye m'malo momudyetsa kawiri kapena katatu pa sabata monga wamkulu aliyense, mupatseni nyongolotsi zapansi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi, mpaka mimba itabwerera pa mulingo wofanana ndi kukula kwa mutu mukamuyang'ana kuchokera pamwamba.

Mayeso akaonetsa amoniya kapena naitiraiti wopitirira 0, makamaka kuyambira 0.5 kupita m'mwamba, ndiye kuti zizindikiro monga makha opindikira kutsogolo, nsonga ya mchira yopindika, khungu lofiira kapena losupuka, ndi kukana chakudya zikuchokera ku madzi, osati ku mazira. Mutulutseni n'kumuika m'beseni lapulasitiki laukhondo lokhala ndi chivundikiro chobooledwa, lalikulu moti atha kutembenuka, m'madzi ozizira ochotsedwa klorini, ndipo muziwasintha onse tsiku lililonse. Ndi bwino kukhala ndi mabeseni awiri kuti madzi a mawa azikhala atafanana kale kutentha ndi a lero. M'tanki sinthani theka la madzi, chotsani zonse zoola, ndipo siponji ya fyuluta muifinye m'madzi ochokera m'tanki momwemo, osati a pampopi, chifukwa klorini amapha mabakiteriya omwe mukuwadalira. Popeza nyama yatuluka, mabakiteriyawo amafunika chakudya, ndiye muzithira amoniya wa m'botolo wopanda sopo kapena zonunkhiritsa kufika 1 kapena 2 ppm. Nyamayo ibwerere pokhapokha tanki ikamamaliza amoniyayo, ndi naitiraiti yemwe, m'maola 24. Pa ntchito iyi bokosili lilibe cholowa m'malo mwake, chifukwa mumayeza tsiku ndi tsiku kwa milungu.

Chovuta kwambiri ndi pamene madzi ali bwino koma nyama siili bwino, ndipo apa bokosi limakhala litafika pamapeto a ntchito yake. Mimba yotupa ili ndi zifukwa zingapo zomwe zimafanana kwa munthu wosazolowera. Wamkazi wodzaza mazira amatupa mofanana mbali zonse ziwiri, makamaka chakumbuyo kwa mimba, amadya, amachita chimbudzi, ndipo amakhala pansi popanda kuvutika. Wotsekeka m'matumbo, kawirikawiri chifukwa chomeza timiyala, amasiya kuchita chimbudzi, amakana chakudya kapena kusanza, ndipo kumbuyo kumayandama miyendo yakutsogolo ili pansi. Axolotl amadya mokoka madzi ndi zonse zili pafupi, choncho mwala uliwonse wochepa kuposa mutu wake ndi woopsa. Pansi pa tanki pakhale popanda kanthu kapena mchenga wosalala kwambiri. Mtundu wachitatu ndi kudzaza madzi m'thupi: kutupa kumafika pakhosi ndi m'miyendo, khungu limaoneka lopyapyala, timizere ta m'nthiti timazimirira. Kumeneku kumachokera ku impso, chiwindi, mtima kapena mabakiteriya olowa m'magazi, ndipo si kochizira kunyumba. Palinso wamkazi amene mazira amukanirira: amakankha, amaikira ochepa n'kuima, mimba ili yotupabe, wafooka ndipo sakudya. Kusiyanitsa izi motsimikiza kumafuna ekiselo kapena sikani kwa dokotala wa zinyama wodziwa achule ndi nyama zofanana nawo. Musafinye mimba pofuna kutulutsa mazira. Ziwalo zake n'zofewa kwambiri ndipo mukhoza kuziphulitsa.

Pa cloaca palinso chofunika kusiyanitsa. Chotupa cha wamphongo chimakhala cha mtundu wa khungu lake, chofanana mbali zonse, chotsekeka, ngakhale nthawi yoberekana chimakula n'kufiirirako. Koma mukaona nyama yofiira kapena yapinki italendewera kunja, ndiye kuti za m'kati zatuluka, zomwe zimachitika akakankha kwambiri poikira, podzimbidwa kapena chifukwa cha tizilombo ta m'matumbo. Muikeni m'beseni la madzi oyera ozizira lopanda mchenga, siyani kumudyetsa, musayese kubwezeretsa ndi chala kapena kamtengo kathonje, ndipo mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Kanyama kotulukako kakada, ndiye kuti kayamba kufa. Kumuika mufiriji, komwe oweta ambiri amakulimbikitsa pa vuto lililonse, kumachedwetsa thupi lonse, kugaya chakudya ndi ntchito ya mankhwala yomwe, ndiye kuchitike pokhapokha dokotala atanena. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa kapena utoto wa malachite green musawayandikize, khungu la axolotl limayamwa zonse. Oweta ambiri amapewanso mankhwala ochotsa klorini osakaniza ndi aloe vera.

Mukamapita kwa dokotala, tengani kope lomwe mwakhala mukulembamo zotsatira: tsiku, kutentha, pH, amoniya, naitiraiti, naitireti, tsiku lomwe munasintha madzi, lomwe anadya ndi kuchita chimbudzi komaliza. Funso loyamba la dokotala wodziwa nyamazi limakhala la madzi, ndipo kuyankha kuti "ali bwino" sikumuthandiza ngati kumupatsa manambala a milungu inayi.

Ena amaganiza kuti axolotl akuikira kapena kusiya timatumba chifukwa chosungulumwa, n'kuthamangira kukamugulira mnzake. Musatero. Nyamayi siifuna gulu, ndipo kukhala yokha sikuipweteka. Wamphongo ndi wamkazi akakhala tanki imodzi amaberekana mobwerezabwereza mpaka wamkazi kutheratu mphamvu, kuphatikizanso kulumana makha ndi miyendo ndi kuchuluka kwa zinyalala m'madzi.

Poyerekeza ndi timapepala tonyika m'madzi, bokosili ndi lochedwa. Kuyeza zonse kumatenga mphindi 15 kapena 20 pamodzi ndi kutsuka, pamene kapepala kamatenga mphindi imodzi. Timapepala tambiri timayezanso GH ndi KH, zomwe n'zabwino, koma tambiri ta mtundu woyeza zinthu zingapo pakamodzi tilibe amoniya, ndipo timawonongeka chinyontho chikalowa m'chitini. Pa nyama yomwe amoniya ndiye mdani wake wamkulu, timapepala tikhale tongothandizira.

Timachubu ndi tinayi pamene mayeso ndi asanu, ngakhale nthawi zambiri mumangofuna pH imodzi. Tikakhala tagalasi timasweka mosavuta, zotsekera zake zimatha kudontha pogwedeza naitireti, ndiye gwirani ndi kansalu. Musatseke ndi chala, chifukwa khungu limasintha zotsatira, komanso botolo lachiwiri la amoniya lili ndi mankhwala owotcha, loyamba la naitireti lili ndi asidi. Asungeni kutali ndi ana, ndipo madzi oyezedwa asabwererenso m'tanki. Kamzere ka mamililita 5 kamafufutika pakapita nthawi, choncho sirinji yopanda singano ya mamililita 5 imathandiza kuti muyezo ukhale umodzimodzi nthawi zonse. Botolo liimikeni chozondoka mowongoka podonthetsa, chifukwa likapendekeka madontho amasiyana kukula. Tsukani timachubu ndi madzi okha mukangomaliza, opanda sopo, ndipo kachubu ka amoniya kakhale ka amoniya nthawi zonse. Botolo lililonse lili ndi tsiku lake lothera ntchito, ndipo masikuwa safanana m'bokosi limodzi. Aoneni pogula, ndi kusunga bokosilo pamalo ouma, osatentha, pomwe dzuwa silifika.